KUCOKERA KU LUSAKA KUFIKA KU LONDON PA NDEGE

Mtunda wa pakati pa Lusaka ndi London, mzinda waukuru wa dziko la Britain, ndiwo makilomita ngati 7,900, kapena mamailosi ngati 4,900. Mtunda umenewu suyesedwa potsata mseu kapena njanji, pakuti ndege silambalala mudzi, ndipo sifuna ulalo poti iwoloke mtsinje.

Wofuna kuuona bwino atenge mapu a dziko lapansi oumbidwa ngati mpira, nakunge ulusi pamwamba pace, nsonga imodzi pa Lusaka, inzace pa London. Ulusiwo udzagona pa nkhalango za Congo, pa cipululu ca Sahara, pa nyanja ya Mediterranean ndi pa dziko la France. Imeneyo ndiyo njira yacidule koposa zonse. Mapu a pa cipupa anamiza pang'ono pa nkhani iyi, cifukwa dziko ndi lobulungira, koma pepala ndi lathyathyathya.

Ndege zakale sizinathe kutsata ulusi umenewu. Zinali kunyamula mafuta ocepa, ndipo zinali kuuluka makamaka usana, kotero kuti zinali kutera kawirikawiri. M'caka ca 1932 kampani ya Imperial Airways inatsegula njira yocokera ku London kufika ku Cape Town, ndipo ndege zace zinali kutera pa Mpika ndi pa Broken Hill, pamene lero pachedwa Kabwe. Ulendo wonsewo unali kutha masiku 11. Apaulendo anali kugona m'nyumba za alendo m'njira, ndipo mbali yina ya ku Ulaya anali kuiyenda pa sitima ya pamtunda.

Patapita zaka 20, m'mwezi wa May 1952, inafika ndege yacilendo yochedwa Comet, yoyamba mwa ndege za jeti zonyamula anthu olipira. Inanyamuka ku London, nitera pa Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone, nifika ku Johannesburg asanakwane maora 24. Komabe njira yace inali yokhotakhota, pakuti Beirut ali kutali cakum'mawa kwa ulusi uja. Inali kutera kawirikawiri cifukwa ca kufuna mafuta.

Pambuyo pace zinapangidwa ndege zazikuru zimene zikhoza kuyenda makilomita ngati 850 pa ora limodzi osatera panjira. Munthu anali kukwera pa Lusaka, nafika ku London patapita maora ngati 10. Zambia Airways inali kuyenda ulendo wa ku London kufikira pamene inatsekedwa mu 1994, ndipo British Airways inauleka mu 2013. Pamenepo apaulendo anayamba kusintha ndege m'mizinda monga Nairobi, Addis Ababa ndi Dubai. Wodzera ku Dubai ayamba wapita kumpoto cakum'mawa makilomita ngati 5,400, ndiye abwerera kumpoto cakumadzulo makilomita enanso ngati 5,500. Tsono cimene cimkhotetsa si mafuta monga kale, koma malonda a eni ndege, amene asonkhanitsa anthu a maiko ambiri pa bwalo limodzi kuti mipando isapite yopanda anthu.

Mafunso

1. Cifukwa ninji mtunda wa ndege uyesedwa bwino pa mapu a mpira?
2. Ndege ya Comet inatera pa malo ati m'dziko lino?
3. Wodzera ku Dubai aonjeza makilomita angati pa njira yacidule?