Firiza ikung'ung'uza koma siikuzizira: athire gasi kapena agule ina?

FUNSO

Mayi wina wa ku Area 25 mu mzinda wa Lilongwe walembera tsamba lino mtima uli m'mwamba. Iwo amagulitsa nkhuku zophedwa kale ndi mafirizesi pakhomo, ndipo bizinesi yonse yatsamira pa firiza yachivundikiro imene anagula zaka 6 zapitazo. Tsiku lina magetsi anazima usiku, ndipo atayaka firizayo siinazizirenso. Kagetsi kakutsogolo kakuyaka. Kumbuyo kumamveka kung'ung'uza kwa masekondi ochepa, kenako kaphokoso kakuti "tiki", basi zii. Pakapita mphindi zingapo zimayambiranso.

Mnyamata wina wokonza mawailesi wawauza kuti gasi watha, apereke ndalama athiremo wina. Alamu awo akuti angogula firiza yatsopano. Mayiwa akufunsa kuti amvere ndani. Akufunanso kudziwa ngati nkhuku zimene anasamutsira kwa aneba zitayamba kufewa angazigulitsebe.

YANKHO

Mlangizi wa tsamba lino wayamba ndi nkhuku, chifukwa pamenepo pagona thanzi la makasitomala. Firiza yabwino imasunga chakudya pa madigiri 18 pansi pa ziro. Ikasiya kugwira ntchito, yodzaza bwino imasungabe kuzizira pafupifupi maola 48 ngati anthu sakuitsegula, pomwe yodzaza theka imafika maola 24 okha. Nkhuku imene inasamutsidwa ikadali ndi ayezi m'kati ndi yabwinobwino, ngakhale kunja inali itafewa. Imene inasungunukiratu n'kukhala yofunda kwa maola opitirira awiri itayidwe. Tizilombo totsegula m'mimba monga Salmonella sitisintha fungo la nyama, ndipo kuiumitsanso sikutipha.

Pa nkhani ya gasi, mlangiziyu akuti mayiwa asunge kaye ndalama zawo. Gasi wa mu firiza satha ngati makala a pa mbaula. Amangozungulira m'mapaipi otsekedwa: kompuresa imamupanikiza, iye amataya kutentha m'mapaipi akunja, amalowa m'mapaipi a m'makoma a m'kati kukayamwa kutentha kwa chakudya, n'kubwereranso ku kompuresa. Akachepa ndiye kuti paipi yabooka penapake, ndipo kuthira wina osatseka pobookapo n'kutaya ndalama. Komanso firiza yotha gasi imadziwika. Kompuresa yake imalira osapuma, ayezi amagwira mbali imodzi yokha, ndipo nthawi zina pamalo pobookapo pamaoneka mafuta. Izi si zimene mayiwa afotokoza.

Zimene afotokoza zikuonetsa kompuresa imene ikulephera kudzuka. Pambali pa kompuresa pali kabokosi kapulasitiki, ndipo m'menemo muli tizipangizo tiwiri. Relay imathandiza mota ya kompuresa kuyamba kuzungulira. Overload imadula magetsi mota ikatentha kapena ikakoka mphamvu yochuluka. Relay ikapsa, mota imang'ung'uza osazungulira, imatentha, overload n'kudula, ndipo ndiye "tiki" uja. Ikazizira imayesanso. Relay yopsa kawirikawiri imachita phokoso la tizidutswa tosweka akaigwedeza, mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa kompuresa, ndipo mmisiri wodziwa ntchito sachedwa kuisintha.

Koma zizindikiro zomwezi zimabweranso magetsi akakhala ofooka, kapena kompuresa ikakanirira m'kati. N'chifukwa chake mmisiri woyenera amabwera ndi mita. Amayeza soketi kuti aone ngati magetsi akuyandikira mavoti 230 amene zipangizo za ku Malawi zimafuna, kenako amayeza mawaya a kompuresa. Wofika n'kunena matenda asanayeze kalikonse asapatsidwe ntchito.

Podikira mmisiri, mayiwa azule pulagi. Kuisiya firiza ikuyesa kudzuka usana ndi usiku kungapsereze kompuresa imene pano mwina ikadali yamoyo. Ikapuma kwa theka la ola angaiyese kamodzi pa soketi ya pakhoma, osadzera pa ekisitenshoni. Kompuresa imakoka mphamvu yambiri podzuka kuposa ikamayenda, ndipo chingwe chachitali chopyapyala, makamaka chimene alumikizapo ketulo kapena simbi, chimailepheretsa.

Kuti vutoli layamba magetsi atazima sizodabwitsa. Kompuresa ikazima, gasi amafunika mphindi zingapo kuti akhazikike mbali zonse za mapaipi. Magetsi akabwerera msanga, kapena akabwera okwera kapena ofooka, mota imadzuka movutikira ndipo relay ndiyo imayamba kuvulala. Kachipangizo kotchedwa fridge guard kamateteza zimenezi: kamadula magetsi osakhazikika ndipo kamadikira mphindi zochepa kasanayatse firiza. Amene alibe, azizula pulagi magetsi akazima, n'kudikira mphindi zosachepera 5 akayaka.

Pali zolakwika zina zimene mwini firiza angazione yekha. Labala wa pachivundikiro amayesedwa ndi pepala: alitsekere pakati, ndipo likasololoka mosavuta ndiye kuti mpweya wofunda ukulowa. Firiza isagunde khoma, pakhale mpata wa masentimita 10, ndipo isakhale padzuwa kapena pafupi ndi moto. Ayezi akakhuthala kupitirira theka la sentimita, aizimitse kuti asungunuke yekha. Mpeni usayandikire. Mafiriza ambiri amafera pamenepa, chifukwa mapaipi a gasi ali kuseri kwenikweni kwa khoma la m'kati, ndipo gasi wa R600a amene ali m'mafiriza ambiri amakono amayaka moto.

Nanga kugula ina kumayenera liti? Mlangiziyu watchula zinthu zitatu. Choyamba ndi kompuresa yopsa pa firiza yakale, pamene mtengo wokonzera ukupitirira theka la mtengo wa yatsopano. Chachiwiri ndi paipi yobookera m'kati mwa khoma, momwe mmisiri sangafike popanda kung'amba zotetezera kuzizira. Chachitatu ndi firiza yolembedwa R12. Gasi ameneyu ali m'gulu la amene pangano la Montreal la mu 1987 linaletsa chifukwa chowononga mpweya wa ozoni, ndipo mayiko osauka anayenera kusiya kumuitanitsa pofika 2010.

Wogula yatsopano awerenge kachikwangwani ka kumbuyo. Chilembo N chikutanthauza firiza yopirira kutentha kwa madigiri 32, ST madigiri 38, ndipo T madigiri 43. Kwa anthu a ku Chikwawa, Nsanje, Mangochi ndi Karonga, T ndiyo yoyenera, ndipo ngakhale ku Lilongwe chipinda cha malata chopanda siling'i chimatentha kwambiri mu Okutobala. Kumene magetsi amazimazima, yachivundikiro imaposa yoimirira, chifukwa mpweya wozizira ndi wolemera ndipo suthawa msanga akatsegula pamwamba. Lisiti ndi pepala la warranty zisungidwe bwino, popeza wogulitsa akakana kukonza katundu wolakwika, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula. Wogula ya kaunjika aione ikuumitsa madzi asanalipire.

Ponyamula, firiza ikhale chilili monga imakhalira pakhomo. Ikafika ipume maola 4 isanayatsidwe, ndipo ngati inagonekedwa cham'mbali ipume tsiku lathunthu kuti mafuta abwerere mu kompuresa. Yakale ikaikidwa panja aichotse chivundikiro, chifukwa mwana wobisalamo posewera akhoza kubanika.

Kwa mayi a ku Area 25, mlangiziyu akuti asathire gasi ndipo asathamangire kusitolo. Zaka 6 si ukalamba kwa firiza yachivundikiro. Aitane mmisiri wa mafiriji, osati wa mawailesi, ayeze soketi, relay ndi kompuresa iwo akuona, ndipo awauze mtengo asanayambe ntchito. Ikapezeka kuti ndi relay, aisinthe, ndipo tsiku lomwelo agule fridge guard.