Disiki Yonena Kuti "Ndalemba" Isanalembe

Ndifuna kukufotokozerani kanthu kamodzi ka m'phunziro la makompyuta kamene ambiri sakalabadira, koma kangathe kutayitsa anthu chuma chao.

M'mabanki, m'zipatala ndi m'maofesi akulu muli makompyuta amene amawatcha maseva. Nchito yao ndiyo kusunga zolembedwa za anthu ambiri nthawi imodzi, ndipo amazisunga pa disiki. Disiki yamtundu wakale ili ndi timbale tozungulira, ndipo m'zambiri timbaleto tizungulira ka 7,200 pa mphindi imodzi, ndiko kuti ka 120 pa sekondi. Kwa ife limeneli ndi liwiro lodabwitsa, koma kwa kompyuta ndi ulendo wa nkhono. Ngati cholembedwa chiri chonse chidikira kuti kambale kazungulire kamodzi, disikiyo siingapitirire zolembedwa 120 pa sekondi.

Tsono opanga madisiki anaikamo kankhokwe kongoyembekezera, dzina lake cache. Cholembedwa chikafika m'kankhokweka, disiki iyankha pomwepo kuti, "Ndalemba," ngakhale sichinafike pa kambale. Imadzalemba pambuyo pake, itasonkhanitsa zambiri ndi kuziika m'ndondomeko yabwino. Motero nchito ifulumira ndithu, ndipo n'chifukwa chake woyang'anira seva amakopeka kutsegula njira imeneyi.

Tiyerekeze ndi kalaliki wa pasitolo amene ayamba walemba ngongole za anthu pa sileti, kuti adzazikopere m'buku madzulo. Anthu sakhalitsa pamzera, zoona. Koma siletilo likavumbwa ndi mvula madzulo asanafike, adzadziwa bwanji amene walipira? Kankhokwe kaja kali ngati sileti. Kamasunga zinthu pokhapokha magetsi alipo, ndipo akangozima, zonse zimene zinali m'menemo zifafanizika.

Ngozi yake yaikulu ndi iyi: pulogalamu inauzidwa kale kuti zalembedwa, choncho siibwerezanso. Taganizani munthu amene atumizira mbale wake ndalama. Payenera kulembedwa zinthu ziwiri, kuchotsa kwa wotumiza ndi kuonjeza kwa wolandira. Magetsi akazima chimodzi chokha chitafika pa kambale, ndalamazo zachoka kuno koma sizinafike uko. Nthawi zina kaundula yense aonongeka, osatsegukanso.

Nanga tichite chiani? Choyamba, seva ikhale ndi batire lalikulu, lija alitcha UPS, loipatsa mpata wakumaliza kulemba ndi kuzima bwino. Chachiwiri, zipangizo zina zolamulira madisiki ambiri pamodzi, za RAID, zili ndi batire laolao losunga za m'kankhokwe kufikira magetsi atabwerera. Madisiki ena atsopano opanda timbale, a SSD, alinso ndi tizipangizo tosunga mphamvu yokwanira kumalizira kulemba. Koma batire limatha mphamvu ndi kupita kwa zaka, choncho liyenera kuyesedwa kawiri kawiri.

Chachitatu, pulogalamu yolembedwa bwino imalamula disiki kuti ikhuthule kankhokwe kake pa kambale isanavomereze nkhani yofunika. Mu Linux lamulolo ndi fsync. Chachinai, pamene palibe batire, nkwabwino kutseka kankhokweko. Mu Linux amachita ndi lamulo la hdparm -W0, ndipo mu Windows amalowa mu Device Manager. Windows mwini wake amayesa kukatseka pa disiki yosunga Active Directory, kaundula wa maina ndi mau achinsinsi a antchito, pakuti kaundula ameneyu akaonongeka anthu alephera kulowa m'makompyuta ao. Potsiriza, pakhale kope lina la zonse, losungidwa pamalo pena.

Ena mwa ife mawa tidzapatsidwa maseva kuti tiwayang'anire. Langizo langa ndi lakuti musanatsegule kankhokwe kameneka, muyambe mwadzifunsa kuti, "Magetsi atazima tsopano lino, nchiani chidzatayika, ndipo ncha yani?" Ngati yankho liri malipiro a anthu kapena mbiri ya odwala, funani batire poyamba, liwiro pambuyo. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.