Makala Amene Amaulula Zaka

Akatswiri ofukula zakale akapeza phale pansi pa nthaka, sathamangira phalelo lokha. Amasanthula dothi la pambali pake kufuna makala, mafupa kapena njere zopserera, chifukwa zimenezi ndizo zimaulula zaka.

Mumpweya muli kaboni wa mtundu wina wotchedwa kaboni-14. Mtengo ukamakula umamukoka kudzera m'masamba. Mbuzi ikadya masamba imamulandira, munthu akadya mbuziyo nayenso amamulandira. Chamoyo chikangofa, kulandirako kumathera pomwepo, ndipo kaboni-14 amene analowa kale amayamba kuchepa. Pakatha zaka 5,730 amatsala theka. Zikadutsa zina 5,730 amatsala theka la thekalo. Kaya kugwe mvula, kaya kukhale chilala, kachepedwe kake sikasintha. Choncho makina akayeza amene watsala m'kachidutswa ka khala, akatswiri amawerengera kuti mtengowo unafa liti.

Njirayi anaitulukira ndi Willard Libby ndi anzake ku Chicago, ku America, ndipo anailengeza mu 1949. Mu 1960 Libby analandira nayo mphoto ya Nobel.

Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, komwe kunali likulu la Kalonga, Dr Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Mbale ndi mikanda yagalasi sizinakhalepo ndi moyo, ndiye kaboni-14 sangaziyeze. Chimene chimayezedwa ndi khala kapena fupa lopezeka nazo pamodzi m'dothi limodzimodzilo. N'chifukwa chake ofukula amakumba mosamala, pang'onopang'ono, n'kumalemba pamene chilichonse chapezeka. Munthu akazula mphika wakale ndi khasu n'kupita nawo kunyumba, ndiye kuti wausiyanitsa ndi mboni yake.

Yankho silitchula chaka chenicheni. Limati pakati pa chaka chakuti ndi chakuti. Komanso limanena za imfa ya mtengo, pomwe nkhuniyo mwina inasonkhedwa pamoto patapita zaka zambiri.

Chinthu chikapitirira zaka pafupifupi 50,000, kaboni-14 amakhala atatsala wochepa kwambiri moti sayezeka. Nsagwada ya munthu wamakedzana imene inapezeka ku Uraha, m'boma la Karonga, mu 1991 ili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Apa akatswiri anadalira mafupa a nyama, makamaka mano a nguluwe zakale, opezeka m'dothi lomwelo. Anawayerekeza ndi mano ofanana nawo a ku Ethiopia ndi ku Kenya, komwe zaka zinadziwika kale poyeza phulusa la mapiri ophulika.