MASAMU A MLIMI WA MATIMATI

Alimi ambiri a ku Chongwe amabwera ndi matimati ku msika wa Soweto mu Lusaka, nabwerera kwao ndi ndarama m'thumba, koma osadziwa ngati apindula kapena ataya. Amai ogula picapica kuti akagulitse pa misika ya Kabwata, Chelstone ndi Woodlands amadziwiratu milu imene idzaturuka m'bokosi limodzi. Mlimi wosawerengera sangapikisane nao pa mtengo.

Kale masamu a ndarama anali obvuta, pakuti makobiri 12 ndiwo anali sheleni, ndipo masheleni 20 ndiwo paundi. Kuyambira mu 1968 tiri ndi kwacha ya ngwee 100, motero nchitoyi inapepuka. Zofunika ndi njira zinai zokha. Tiyerekeze kuti mwathyola mabokosi 20.

KUPHATIKIZA. Lembani zonse zimene munaononga: mbeu, feteleza ndi mankhwala K1,100, galimoto K400, mabokosi ndi onyamula K200. Zonse pamodzi ndi K1,700.

KUCULUKITSA. Mukagulitsa bokosi liri lonse pa K150, mabokosi 20 akupatsani K3,000.

KUCOTSA. Pa K3,000 cotsanipo K1,700. Yotsala, K1,300, ndiyo phindu lanu, ndiyonso malipiro a thukuta la banja lonse.

KUGAWA. Gawani K1,700 ku mabokosi 20, mupeza K85. Nambala imeneyi ndiyo yoyenera kuisunga pamtima musanakwere galimoto. Wogula akachula mtengo wocepera K85, dziwani kuti pa bokosi liri lonse mukumuonjezera ndarama zanu. Ogula ena, monga a m'masitolo a ku Kabulonga, amafuna mtengo wa kilo. Pimani bokosi limodzi pa sikelo, ndipo mugawe mtengo wace ku makilo amene mwapeza.

Kuongola mtengo ndi poyamba. Madzulo itanani ana, mutenge timitengo ndi kumanga m'mitolo ya khumi khumi. Mwana akaona kuti mitolo 3 ndi timitengo 4 ndiyo 34, wagwira tsinde la masamu onse. Pocotsa, amasule mtolo umodzi ndi manja ace, kuti amvetse cimene aphunzitsi amati kubwereka. Wa ku sukulu mpatseni kabuku, alembe zogula ndi zogulitsa za munda wanu, inu mukumuuza mitengo.

Yambani kulemba tsiku lofesa mbeu, cifukwa pofika tsiku la msika zambiri zimakhala zitaiwalika.