Maphunziro a Ntchito za Manja M'sekondale: Zomwe Nsipe Ingatolepo pa Mbiri Yake

Mwana wa ku Nsipe akamaliza Fomu 4 lero, kawirikawiri amabwerera kumudzi ndi satifiketi ya MSCE koma asanagwirepo sowo, sikweya kapena makina osokera m'kalasi. Akafuna luso amakalipempha pakhonde la mmisiri ku Kampepuza kapena paboma, ndipo zikakanika amakwera basi ya ku Joni. Komatu akuluakulu ena amene adaphunzira sekondale m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amakumbukira kuti mpando woyamba kukhoma kapena diresi loyamba kusoka adazipangira kusukulu, mphunzitsi n'kuwapatsa malikisi. Phunziro lino likufotokoza kumene maphunzirowa adachokera, chimene chidawafooketsa, ndi zomwe makomiti a chitukuko ayenera kusamala akamafuna kuti abwerere.

Kumene adachokera

Boma la Ntcheu lidadziwa msanga maphunziro a ntchito za manja. Mishoni ya Zambezi Industrial Mission, imene Joseph Booth adayambitsa mu 1892, idakhazikitsa malo ake ku Ntonda, Dombole ndi Chiole, pamene ku Gowa kudafika Baptist Industrial Mission. Cholinga cha mishoni zotere chidali chakuti zizidzidalira kudzera m'minda ndi ntchito za manja, choncho wophunzira ankagwira buku ndi khasu tsiku limodzi.

Mu 1924 nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes zidayendera Nyasaland ndipo zidalimbikitsa maphunziro ogwirizana ndi moyo wa kumudzi. Patatha zaka ziwiri, mu 1926, boma la atsamunda lidatsegula dipatimenti ya zamaphunziro. Koma pomwepo padabadwanso chikayiko chimene sichidathe mpaka lero. Makolo ankaona kuti kalaliki wa muofesi amalandira bwino ndi kulemekezedwa kuposa mmisiri, ndipo ena ankati azungu akufuna kuti munthu wakuda angokhala wantchito wawo. Ngakhale zidali choncho, sukulu ya sekondale ya boma ya Dedza, imene idatsegulidwa mu 1951, idayamba ndi maphunziro a m'mabuku pamodzi ndi a umisiri.

Zomwe zinkaphunzitsidwa

Dziko litalandira ufulu mu 1964 padasowa amisiri, alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito m'maofesi. Mu 1967 boma lidapeza ngongole ku World Bank yokulitsira sukulu za sekondale, ndipo m'sukulu zina mudamangidwa zipinda zophunziriramo ntchito za manja. Maphunziro ake adali Woodwork, wa ukalipentala. Metalwork, wodula, kupinda ndi kulumikiza zitsulo. Technical Drawing, wojambula mapulani. Ndi Home Economics, wa kuphika, kusoka ndi kusamala pakhomo. Kwina ankaphunzitsanso kutayipa ndi kulemba mabuku a ndalama. Ulimi ndiwo udafalikira kwambiri, poti dimba la sukulu silinkalira makina.

Phindu la maphunzirowa silidali pa mpando wokhawo umene mwana ankakhoma. Asanakhudze thabwa, ankayamba wajambula chinthucho papepala, kulemba miyeso yake, ndi kuwerengera matabwa, misomali ndi guluu zofunika. Akaphonya muyeso pang'ono, mwendo wa tebulo sunkalowa m'malo mwake, ndipo cholakwacho chinkaonekera aliyense. Masamu a m'kalasi ankapeza ntchito pabenchi. Pamayeso, wophunzira ankayesedwa polemba komanso pa chimene manja ake apanga.

Sikuti zonse zidali bwino. Sukulu zokhala ndi zipinda zotere zidali zowerengeka, ndipo ana osankhidwa kupita kusekondale adali ochepa zedi. Anyamata ankawalozera kumatabwa ndi zitsulo, atsikana kukhitchini ndi singano, ngati kuti luso limasankha munthu potengera chibadwa.

Chimene chidawafooketsa

Choyamba chidali mtengo. Phunziro la mbiri limafuna choko ndi buku, pamene ukalipentala umafuna matabwa atsopano teremu iliyonse, zida zonola ndi makina okonzetsa. Kuyambira mu 1981, pamene dziko lidayamba kutsatira ndondomeko zochepetsa ndalama zimene boma limagwiritsa ntchito, zinthu zotere zidavuta kugula. Makina akafa ankangokhala pakona, kenako chipinda chonse chinkasanduka kalasi wamba kapena mosungira katundu.

Chachiwiri chidali aphunzitsi. Ophunzitsidwa bwino maphunziro a umisiri adali ochepa, ndipo luso lawo linkafunikanso m'makampani. Mmodzi akachoka kapena kupuma pantchito, phunziro lonse linkatha naye.

Chachitatu, chimene chimakhudza kwambiri madera ngati Nsipe, ndi njira imene sekondale idafikira kumidzi. Ana osasankhidwa ankaphunzira kudzera ku Malawi Correspondence College, imene idayamba mu 1965 ndipo pambuyo pake idatchedwa MCDE. Malo ophunzirira a MCDE adali a mabuku ndi mapepala basi. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo ofuna sekondale adachuluka. Mu 1998 boma lidasandutsa malo a MCDE aja kukhala sukulu zoyendera za CDSS. Zitseko zidatseguka kwa ana ambiri, chomwe chidali chinthu chabwino, koma sukuluzi zidabadwa zopanda zipinda za umisiri. Choncho m'midzi yambiri maphunzirowa sadachotsedwe ayi, sadafikeko n'komwe.

Chachinayi ndi chikayiko chakale chija. Kholo likamalota mwana wake ali kuyunivesite, limaona ukalipentala ngati kothawira olephera.

Mmene zilili lero

Boma lidakhazikitsa TEVETA mu 1999 kuti iziyang'anira maphunziro a luso, ndipo olemba anthu ntchito amasonkha 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro pothandiza ntchitoyi. Mu 2015 kudayamba makoleji a luso a m'madera, kuwonjezera pa akale monga Lilongwe, Namitete, Soche ndi Nasawa. Masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa mu 2021, amadalira ulimi wamalonda, mafakitale ndi kukula kwa matauni, ndipo zonsezi zimafuna amisiri. Komabe makolejiwa amalandira wachinyamata atatuluka kale sukulu, ndipo malo ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba: amene adagwirapo chida ali Fomu 1 amasankha ntchito ya umisiri akuidziwa, osati chifukwa kwina kwakanika.

Phunziro kwa makomiti a chitukuko

Sukulu za sekondale za Ntcheu zimayang'aniridwa ndi ofesi ya maphunziro ya Central West, koma zofuna za anthu zimayambira ku VDC, kupita ku ADC, kufika m'mapulani a khonsolo. Mbiri yomwe yafotokozedwayi ikusonyeza kuti kumanga chipinda ndi gawo lophweka. Chovuta ndi kuchisunga chamoyo. Nsipe ili m'mbali mwa msewu wa M1 ndipo anthu ake amalima chimanga, mtedza, soya ndi nandolo. Luso loyenera kuyamba nalo ndi limene dera likulipirira kale kwa anthu ena: kukonza mapampu a mthirira, kuwotcherera, kumanga, kusoka mayunifolomu, kukhoma madesiki ndi kukonza mbewu zisanapite kumsika.

Komiti isanalembe pempho, ikambirane mafunso awa:

1. Kodi mphunzitsi wa phunzirolo achokera kuti, nanga akachoka adzalowa m'malo ndani?
2. Ndalama zogulira matabwa, nsalu kapena zitsulo chaka ndi chaka zizichokera m'thumba liti?
3. Ndani azisunga ndi kukonza zida, nanga kaundula wake aziyendera ndani?
4. Kodi amisiri odziwika a m'deralo angathandize bwanji ana masana akaweruka?
5. Kodi atsikana ndi ana aulumali apatsidwa mwayi wofanana pa phunziro lililonse?

Pempho limene layankha mafunso asanuwa limafika ku khonsolo lili ndi mphamvu. Limene langopempha njerwa ndi malata likhoza kusiyira Nsipe chipinda china chotsekedwa, monga zidachitikira m'sukulu zina zaka makumi angapo zapitazo.