Dontho Limodzi Lisasowe: Kukonza Zilembo Zosaoneka Bwino Polumikiza Kompyuta ku TV



Masiku ano sukulu ndi madrasa zingapo kuno ku Dedza zikumalumikiza laputopu ku TV kuti kalasi yonse iwerengere pamodzi. Nzeru imeneyi ndi yabwino, chifukwa pulojekita ndi yodula pomwe TV imapezeka msanga, ina yochita kutumizidwa ndi m'bale wa ku Johannesburg. Koma dandaulo limakhala limodzimodzi: mpira ndi mafilimu zimaoneka bwinobwino, pomwe zilembo zimakhala mbuu ngati phiri la Dedza m'mawa wa mwezi wa June. Ena amafulumira kunena kuti TV yafa kapena kuti anagula yachinyengo. Kawirikawiri TV imakhala ilibe vuto. Imangofunika kuitchera bwino, ndipo kutero sikulira ndalama.

Nkhaniyi ikukhudzana bwanji ndi Chisilamu?

M'Chichewa, chilembo chikafufutika pang'ono timatha kuganizira kuti pamenepa akutanthauza chakuti. M'Chiarabu si choncho. Zilembo baa, taa ndi thaa zili ndi thupi limodzi, chozisiyanitsa ndi madontho basi. N'chimodzimodzinso jiim, haa ndi khaa. Taonani mawu awiri awa: رحيم ndi رجيم. Oyambawo ndi rahiim, kutanthauza wachifundo, limodzi mwa mayina a Allah. Achiwiriwo ndi rajiim, wotembereredwa, mawu amene timatchulira shaitani. Kusiyana kwake ndi dontho limodzi pansi pa chilembo chachiwiri. Mwana wokhala kumbuyo kwa kalasi akapanda kuona bwino pamenepo, akhoza kuloweza cholakwika n'kukula nacho.

Zizindikiro za fatha, kasra ndi dhamma nazo n'zofunika chomwecho. Mu Surat At-Tawba, ayah 3, muli liwu lonena za Mtumiki, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, lomwe pa chilembo cha laam pali dhamma. Munthu akawerenga ndi kasra, tanthauzo limatembenuka n'kumveka ngati Allah wadzipatula kwa Mtumiki wake. Olemba mbiri amati kulakwitsa kwa mtundu umenewu ndi kumene kunachititsa Abu al-Aswad al-Du'ali wa ku Basra, amene anamwalira chaka cha 69 Hijri, kuyamba kuika zizindikiro za katchulidwe. Pambuyo pake, m'nthawi ya bwanamkubwa wa Iraq al-Hajjaj ibn Yusuf, Nasr ibn Asim ndi Yahya ibn Ya'mar akutchulidwa kuti ndi amene anakhazikitsa madontho osiyanitsa zilembo zofanana. M'zaka za m'ma 700, al-Khalil ibn Ahmad anakonza maonekedwe a fatha, kasra ndi dhamma amene tikugwiritsa ntchito lero. Anthu amenewa anavutikira dontho lililonse. Kwa ife ndi amana kuonetsetsa kuti lisatayike pa sikirini.

Gwero la vuto

Sikirini iliyonse imapangidwa ndi timabokosi ting'onoting'ono ta kuwala totchedwa pixel. Chiwerengero chake sichisintha. Ma TV ambiri a mainchesi 32 olembedwa kuti HD Ready ali ndi ma pixel 1366 chopingasa ndi 768 chotsika. Olembedwa Full HD ali ndi 1920 ndi 1080, pomwe a 4K ali ndi 3840 ndi 2160.

Tiyeni tiwerengere. Laputopu wamba ya mainchesi 15.6 imakhalanso ndi ma pixel 1366 chopingasa, pa sikirini yotalika masentimita pafupifupi 35. Ndiye kuti sentimita iliyonse ili ndi ma pixel pafupifupi 40. TV ya mainchesi 32 ndi yotalika masentimita pafupifupi 71, choncho sentimita iliyonse ili ndi ma pixel 19 okha. Apa TV sinawonjezere kanthu, yangokulitsa timabokosi tomwe tija. Dontho la baa limene limatenga ma pixel awiri kapena atatu silichedwa kusokonekera.

Chachiwiri, TV anaipangira kuonetsa zithunzi zoyenda. Chithunzi chikalowa, iyo imachikoka, kuchisalaza ndi kuchikometsera mitundu. Zimenezi zimakongoletsa nkhope ya munthu wowerenga nkhani koma zimawononga zilembo. Choncho ntchito yathu ndi imodzi: pixel iliyonse yochokera ku kompyuta igwere pa pixel imodzi ya TV, ndipo TV ileke kukometsera. Tsatirani njira zili m'munsizi motsatana, ndipo mukasintha chinthu chimodzi yang'anani kaye zotsatira musanapite pa china.

1. Yambani ndi nthambo

Gwiritsani ntchito nthambo ya HDMI. Nthambo zija za mitu yachikasu, yofiira ndi yoyera zimanyamula chithunzi cha mizere 576 yokha, ndipo ndi zimenezo zilembo zazing'ono sizingaoneke bwino ngakhale mutachita zotani. Ngati kompyuta ndi yakale ndipo ili ndi VGA yokha, nthambo ya mutu wabuluu ija, mangani bwino tizitsulo take tiwiri, kenako fufuzani mawu akuti Auto Adjust pa TV n'kudina. Musataye ndalama pa HDMI yodula. Nthambo ya HDMI ikakhala yowonongeka chithunzi chimaphethira, kuthothoka timadontho toyera kapena kuzimiratu. Kufufutika kwa zilembo gwero lake limakhala kwina.

2. Lekanitsani masikirini awiriwo

Dinani batani la Windows pamodzi ndi P. Ambiri amasankha Duplicate kuti zimene zili pa laputopu zionekenso pa TV. Vuto lake n'lakuti masikirini awiriwo amakakamizika kugwiritsa ntchito muyeso umodzi. Ngati laputopu ndi ya 1366 pomwe TV ndi ya 1920, TV imachita kukoka chithunzicho ngati mphira. Sankhani Extend kapena Second screen only kuti TV ilandire muyeso wakewake.

3. Ikani muyeso weniweni wa TV

Dinani kumanja kwa mausi pa malo opanda kanthu, sankhani Display settings, dinani sikirini imene ikuimira TV, kenako pitani pa Display resolution. Nthawi zambiri muyeso wolembedwa Recommended ndi umene uli woyenera. Koma chenjerani ndi ma TV a HD Ready: ena amauza kompyuta kuti akhoza kulandira 1920 ndi 1080, kenako n'kumachepetsa okha chithunzicho. Pa TV yotere yesani 1366 ndi 768, kapena 1360 ndi 768, muone pamene zilembo zikuoneka bwino. Zilembo zikachepa, musatsitse muyeso pofuna kuzikulitsa. Pitani pa Scale n'kusankha 125 kapena 150 peresenti, kapena dinani Ctrl pamodzi ndi chizindikiro chophatikizira mu pulogalamu imene mukuwerengera.

4. Letsani TV kudula m'mbali

Ma TV akale aja a msana waukulu ankakulitsa chithunzi pang'ono kuti m'mphepete mosalongosoka mubisike. Chizolowezi chimenechi, chotchedwa overscan, chidakalipo m'ma TV ambiri atsopano. Chizindikiro chake n'chakuti mzere wa pansi wa Windows umaoneka wodulidwa. Kukulitsa kumeneko kumachititsa kuti ma pixel asagwirizanenso. Tengani rimoti, pitani pa Picture Size kapena Aspect Ratio. Pa LG sankhani Just Scan, pa Samsung Screen Fit kapena Fit to Screen, pa Sony Full Pixel. Pa ma TV ena mupeza Dot by Dot, 1:1, kapena mawu akuti Overscan oti muzimitse.

5. Tsitsani Sharpness

Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Akaona zilembo zili mbuu amakweza Sharpness, poganiza kuti ziwala. Chimene batani limeneli limachita n'kujambula kamzere koyera m'mphepete mwa chilembo chilichonse. Pa Chiarabu kamzere kameneko kamameza fatha kapena kuphatikiza madontho awiri a taa kukhala ngati limodzi. Tsitsani pang'onopang'ono mpaka kamzere koyerako kathe. Pa ma TV ena pamafunika kufika pa 0, pa ena pakatikati, choncho dalirani maso anu. Zimitsaninso Noise Reduction, Dynamic Contrast ndi zonse zosalaza zithunzi zoyenda, ndipo chokani pa Vivid kapena Dynamic mupite pa Standard.

6. Uzani TV kuti yalumikizidwa ku kompyuta

Maso a munthu amaona kwambiri kuwala kusiyana ndi mitundu. Podziwa zimenezi, opanga mafilimu amachepetsa uthenga wa mitundu kuti asunge malo. Pa njira yotchedwa 4:2:0, ma pixel anayi amagawana mtundu umodzi, pa 4:2:2 amagawana awiriawiri, pomwe pa 4:4:4 iliyonse imakhala ndi mtundu wake. Pa filimu simungazindikire kusiyana. Koma Mus'haf wa tajwid, umene umasonyeza malamulo a kawerengedwe ndi zilembo zofiira, zobiriwira ndi zabuluu, umaonekeratu kuti mitundu yasefukira kunja kwa zilembo. Pa ma TV ambiri a Samsung ndi LG, mukasintha dzina la khomo la HDMI kukhala PC, TV imasiya kuchepetsa mitundu. Pa ena fufuzani PC Mode, Graphics kapena Game Mode. Ngati TV yanu ilibe zimenezi, onetsani zilembo zakuda pa tsamba loyera, ndipo phunziro la mitundu ya tajwid lichitike ndi buku m'manja.

7. Malizani ndi ClearType

Pa malo ofufuzira a Windows lembani ClearType n'kutsegula. Kompyuta ikuonetsani zolemba zingapo kuti musankhe zimene zikuoneka bwino. Sankhani muli kuyang'ana pa TV, osati pa laputopu. Zilembo zikamaoneka ndi mthunzi wofiira kapena wabuluu m'mbali, yesani kuzimitsa ClearType n'kuyerekeza.

Nthawi zina vuto ndi tsamba lenilenilo

TV singabweze chimene chinatayika kale. Tsamba lojambulidwa ndi foni n'kutumizidwa pa WhatsApp ngati chithunzi limafinyidwa, ndipo likadutsa m'magulu angapo limafika litatheratu. Muyeso wake ndi wosavuta: kulitsani tsambalo kwambiri. Ngati m'mphepete mwa zilembo mukhalabe mosalala, tsambalo ndi labwino. Ngati zilembo zikusweka kukhala timabokosi, ndi chithunzi chofinyidwa. Aphunzitsi azitumizirana masamba ngati Document. Pa Qur'an, gwiritsani ntchito masamba ochokera ku malo odalirika monga King Fahd Complex ya ku Madinah, imene imasindikiza Mus'haf wolembedwa ndi dzanja la Uthman Taha. Ngakhale zili choncho, Mus'haf wa pepala uzikhala pa tebulo la mphunzitsi nthawi zonse. Pakakhala chikayiko, woweruza ndi Mus'haf ndi pakamwa pa shehe, chifukwa Qur'an inafika kwa ife kudzera m'kumva ndi kubwereza.

Kwa akuluakulu a komiti

Ndalama zimene Asilamu amasonkha ndi amana, ndipo chipembedzo chathu chimaletsa israf, kumwaza chuma mosasamala. Pempho langa n'lakuti tisanakambe zogula TV ina, tiyambe tayesa njira zisanu ndi ziwirizi. Ngati kugula kuli kofunikadi, tiganizire izi. Odziwa zoika zipangizo m'makalasi amati munthu wowerenga zilembo asakhale patali kuposa msinkhu wa sikirini kuchulukitsa ka 6. TV ya mainchesi 32 ndi yotalika masentimita 40 kuchoka pansi kufika pamwamba, ndiye kuti malire ake ndi mamita 2.4. Ya mainchesi 43 imafika mamita 3.2. Kalasi ikakhala yaitali kuposa pamenepo, zilembo zikulitsidwe kwambiri kapena ana aziwerenga m'magulu. Popita kogula, kaya pa boma pano kapena ku Lilongwe, nyamulani laputopu ndi nthambo ya HDMI, muonetse tsamba la Chiarabu m'sitolo momwemo musanapereke ndalama. Funsani nambala ya ma pixel, musakhutire ndi mawu akuti HD pa katoni. Ngati ndi ya munthu mmodzi wogwira ntchito pa desiki, monita ya mainchesi 22 kapena 24 ya Full HD imaposa TV yaikulu ya HD Ready.

Tisamalenso zimene tili nazo. TV isayang'anizane ndi zenera. Kuno kumapiri chinyezi chimachuluka m'miyezi yozizira ndipo fumbi limabwera m'chilimwe, choncho tiziivundikira ndi nsalu ikazimitsidwa n'kuzizira. Popukuta, nsalu yofewa youma ndi yokwanira. Magetsi akazima, zulani pulagi mpaka abwerere ndi kukhazikika.

Kwa makolo

Mwana akamafinya maso, kusendera kufupi ndi TV kapena kudandaula mutu akamawerenga, musamuyese waulesi. Yambani mwakonza sikirini monga tafotokozeramu. Muzimukumbutsanso kuti pakatha mphindi 20 zilizonse ayang'ane chinthu chakutali, mamita 6 kapena kuposerapo, kwa masekondi 20. Zikapitirira, pitani naye kuchipatala akamuyeze maso.

Ntchito ya ophunzira

1. Lembani magulu anayi a zilembo za Chiarabu zimene zimasiyana ndi madontho okha.
2. Werengerani chiwerengero cha ma pixel onse pa sikirini ya 1366 ndi 768, komanso ya 1920 ndi 1080. Kodi yachiwiriyo ikuposa yoyamba kangati?
3. Fotokozani chifukwa chake kukweza Sharpness sikuthandiza zilembo.
4. M'magulu a anthu asanu, lembani rahiim ndi rajiim m'Chiarabu pa kompyuta, muonetse pa TV ya m'kalasi. Mmodzi aime pa benchi yakumbuyo n'kuwerenga musanasinthe kanthu, kenako awerengenso mutatsata njira zonse. Lembani njira imene yathandiza kwambiri, mubweretse pa phunziro la sabata yamawa, InshaAllah.

Tinaphunzitsidwa kuti Allah amakonda munthu amene akagwira ntchito amaigwira mwaluso ndi mosamala. Allah atiwonjezere maphunziro othandiza, ndipo atipatse kuwerenga Buku lake moyenera. Ameen.