Kalata ya intavyu ikagwera ku Spam

Taganizirani mtsikana wa ku Namitambo amene wamaliza digiri pa Catholic University ku Nguludi. Watumiza kalata yofunsira ntchito ku Blantyre, ndipo m'mawa uliwonse amagula kabandulo, n'kuima pamene netiweki imagwira bwino, kukoka sikirini ya Gmail ndi chala. Inbox ili zii. Amatukwana netiweki, mawa lake foni. Pamene mnzake akumuuza kuti intavyu inachitika Lachinayi, kalata yomuitana inali itakhala ku Spam sabata yathunthu.

Imelo iliyonse isanafike kwa inu imadutsa pa chosefa. Chimayang'ana kumene yachokera, malinki amene ili nawo, komanso ngati yatumizidwa kwa anthu ambiri nthawi imodzi. Zili ngati kupeta m'lichero: njere zina zabwino zimauluka ndi mankhusu. Ndipo kalata ya ntchito yopita kwa anthu makumi asanu pakamodzi, yochokera ku adiresi imene simunalemberanepo nayo, ndiyo imaoneka yokayikitsa. Makompyuta a mabungwe ena amayamba aibweza dala kalata ya mlendo kuti aone ngati wotumizayo ayesanso, motero imachedwa mphindi zingapo, mwina maola.

Choipa n'chakuti foni silira kalata ikagwera ku Spam, ndipo Gmail imafufuta yokha zonse za kumeneko pakatha masiku 30.

Pali zinanso zimene timanamizira netiweki. Ambiri anazimitsa Sync kuti bandulo isathe msanga, ndiye makalata salowa mpaka atatsegula okha. Ena anadzaza ma 15GB aulere a Google ndi zithunzi za ukwati ndi chinkhoswe. Malo akatha, imelo yatsopano imabwezedwa kwa woitumiza.

Ku Spam muzionako ndithu, koma musaloweko ndi mtima wonse. Akathyali ali komweko, olonjeza ntchito ku Dubai mukatumiza ndalama ya fomu pa Airtel Money kapena Mpamba. Olemba ntchito enieni safuna ndalama kuti akuitaneni ku intavyu.

Inu amene mukudikira yankho la ntchito kapena la sukulu, tsegulani Spam kawiri pa sabata. Mukapezamo kalata yeniyeni, dinani Not spam, musunge adiresiyo m'makontakiti anu, ndipo nambala ya foni muziilemba pamwamba pa CV.